Matawulo a Chifatse

Matawulo a mlongo wanga ndimachapa ndine. Iye ndi wometa, ine ntchito yanga ndi yochapa ndi kusita zovala za anthu, ndipo mashopu athu ali mumsewu umodzi. Yake ili kumtunda pafupi ndi pokwerera basi, yanga ili kumunsi, kuseri kwa ogulitsa matayala. Akaweruka amabwera ndi mtolo wa matawulo onyowa, onunkhira sopo ndi spiriti, n'kuusiya pakona pafupi ndi beseni. Zovala zimaulula eni ake. Wochapa amadziwa amene amamwa, amene amamenyedwa, ndi amene anagona kumene sanayenera kugona. Choncho ndikanena kuti pa matawulo a mlongo wangayu sindinaonepo ndi kadontho komwe ka magazi chiyambire ntchito yake, mundikhulupirire. Ometa ena amapala chibwano cha munthu ngati akupala mamba a nsomba. Iye sanatemepo munthu.

Tinabadwa atatu. Oyamba ndi achimwene aakulu, makaniko, amene anzawo kugalaja anawapatsa dzina loti Nyundo, ndipo dzinalo silinachokere pa nyundo yantchito yokha. Wachiwiri ndine, ndipo amene amandidziwa adzakuuzani kuti pakamwa panga palibe chitseko. Wotsiriza ndi wometayu, amene aliyense amamutchula kuti Chifatse. Dzinali anamupatsa ndi amayi akadali wakhanda, chifukwa ngakhale kulira ankalira ngati akupepesa.

Bambo athu anali dalaivala wa magalimoto akuluakulu oyenda maulendo ataliatali. Akabwerako ankayamba kuvula lamba asanavule nsapato. Sankasankha, tonse tinalawa, amayi ndiye osanena. Koma aliyense anaphunzirapo zake. A Nyundo anaphunzira kubwezera, ine ndinaphunzira kutukwana, Chifatse anaphunzira kuyenda m'nyumba mapazi osamveka. Bambowo atamwalira katundu wawo anali wochepa, ndipo Chifatse anangopempha lambayo. Anamukhomerera pakhoma m'shopu yake, pambali pa galasi, n'kumanolerapo lumo. Ndinamufunsa kuti, "Iwe, zinthu zonsezi wasankha chimenechi? Sunakhute nacho?" Anandiyankha kuti, "Chigwireko ntchito yabwino nachonso, achemwali."

Ndevu ankameta ndi lumo lopinda lija, osati makina. Azibambo ankachoka kutali kudzakhala pampando wake. Ankawafunditsa tawulo yotentha kumaso, kuwapaka thovu, kenako n'kukweza chibwano ndi zala ziwiri, khosi lonse lili pamtunda. Munthu kupereka kholingo lako kwa mnzako amene wagwira chakuthwa si zamasewera, koma pampando wa Chifatse anthu ankagona tulo mpaka kuliza mkonono. Panali mphunzitsi wina wopuma pantchito amene ankabwera ngakhale ndevu zisanamere bwino, ati kunyumba kuli phokoso la zidzukulu.

Anakwatira telala, mkazi wosoka mayunifolomu a ana asukulu, wamfupi, woseka mokweza mpaka anthu kutembenuka mumsewu. Mlamu wangayu ndinamukonda, ngakhale kuti sindinamuuzepo, chifukwa si khalidwe langa. Ankafuna mwana onse awiri, ndipo sankabisa. Anagwirizana kuti adikire mpaka atachoka m'chipinda chimodzi chimene ankakhala, momwe bedi, makina osokera ndi mbaula zinkagundana. Atapeza nyumba ya zipinda ziwiri, mlamu anayamba kusunga tizidutswa ta nsalu totsala pa mayunifolomu n'kumasoka timalaya ting'onoting'ono. Ndinatisita ndekha, timalaya ta mtundu wa yunifolomu ya sekondale koma tokwana khanda. Ndinamuseka kuti mwanayo adzabadwa ali kale fomu wani. Chifatse naye anali atakhoma kale kabokosi koika pampando wometera kuti mwana azifika pagalasi.

Mwezi womwewo a Nyundo anapha munthu. Panalibe chachikulu. Anali atamwa nthawi ya nkhomaliro, anabwerera kugalaja, n'kupeza mnzawo watenga jeke yawo osapempha. Anatukwanizana, mnzawoyo anaseka, ndipo a Nyundo anatola chitsulo chochotsera matayala. Dzuwa lili pamutu, anthu akuona. Munthuyo anasiya mkazi ndi ana aang'ono, ndipo ine mpaka lero ndikamuona mayiyo kumsika ndimakhota njira.

Boma linawapatsa loya, mnyamata wakhama, wa jekete lomuthina m'mapewa. Sindimuda, ankagwira ntchito yake. Anatiitana tonse muofesi yake, momwe munali mipando iwiri yokha moti ine ndi Chifatse tinaima, ndipo anatiuza mosapita m'mbali kuti mlanduwu wokana palibe. Chimene chikanatheka ndi kuchepetsa chilango. Anati kuli dokotala wina wa za ubongo amene amafufuza chimene chimachititsa anthu ena kupsa mtima mpaka kupha. Dokotalayo akhoza kujambula ubongo wa a Nyundo, komanso kuyeza chibadwa chawo, zija munthu amatengera kwa makolo. Zikapezeka kuti munthuyu anabadwa ndi mabuleki ofooka, woweruza akhoza kumva chisoni. Koma kuti umboni ulimbe, pankafunika kuyeza banja lonse.

Amayi anavomera loya asanamalize kulankhula. Ine ndinati zachibwana, koma ndinapita. Chifatse anatseka shopu m'mawa wonse, chinthu chimene sankachita ngakhale akudwala chimfine. Kuchipatala namwino anatipatsa kathonje ka pakamtengo kuti tipukute m'kati mwa tsaya. Chifatse anayang'ana kathonjeko n'kunena kuti, "Malovu okha basi? Ine ndimayesa mufuna impso." Namwinoyo anaseka, ife tinaseka. Chibale ndi fupa, sichiola, ndipo iye akanapereka ngakhale impsoyo.

Tsiku la umboni khoti linadzaza. Kunabwera anthu a kugalaja, abale a womwalirayo, ndi anthu a mumsewu wathu amene nkhani sizimawadutsa. Dokotala anali bambo wa imvi, wolankhula motsitsa, ndipo kunena zoona anayesetsa kusamala mawu. Anaonetsa chithunzi cha ubongo wa a Nyundo, chokhala ndi mawanga ofiira ndi obiriwira, n'kuloza chapamphumi. Anati mbali imeneyo ndi imene imamugwira munthu dzanja akakwiya, ndipo mwa a Nyundo inkaoneka kuti imagwira ntchito mofooka poyerekeza ndi anthu ambiri. Anatinso m'chibadwa chawo anapezamo kachinthu kena kamene ana aamuna amatengera kwa mayi awo. Kachinthuko pakokha sikalakwitsa munthu, ndipo alipo ambirimbiri amene ali nako koma sanaphepo ngakhale nkhuku. Kungoti ofufuza ena anapeza kuti mwana wokhala nako akakula akumenyedwa, mpata woti adzakhale wachiwawa umakwererako. Anabwereza kawiri kuti akunena za mpata chabe, osati za chimene munthu adzachite.

Ndinayang'ana amayi. Moyo wathu wonse tinkati nkhanza za a Nyundo ndi za bambo, ndiye lero akuti mbewu yake inadzera mwa mayi amene ankatibisa kuseri kwa chitseko. Atawaitana kuti apereke umboni ananena zonse, za lamba, za chingwe cha wayilesi, za tsiku limene bambo anamangirira anyamata awiriwo kumwendo wa tebulo. Loya anawafunsa ngati anawo ankamenyedwa mofanana. Amayi anati, "Wamng'onoyo ndiye ankamenyedwa kwambiri, chifukwa sankathawa."

Kenako anaimirira woimira boma pamlanduwo, mayi wa magalasi. Ankafuna kugwetsa umboni wa dokotala, ndipo anaona pogwira. Anafunsa kuti, "Adokotala, mng'ono wa woimbidwa mlanduyu munamuyezanso?"

"Tinamuyeza."

"Kachinthu mukunenako ali nako?"

Dokotala anazengereza, anayang'ana woweruza, kenako anati, "Ali nako."

"Ndipo tamva kuti anakula akumenyedwa kuposa mkulu wake. Waphapo munthu? Wamenyapo munthu?"

"Sindinamvepo zimenezo."

Mayi uja anakhala pansi atakhutira. Kunena zoona ankamuyamikira mlongo wanga, ankamuika ngati chitsanzo choti munthu amasankha yekha zochita. Koma loya wathu sakanalola kuti zithere pamenepo. Pomaliza anaimirira, anakonza jekete lake lothina lija, n'kunena kuti, "Olemekezeka, mfuti ziwiri zikhoza kukhala ndi zipolopolo zofanana. Ina yaomba, ina sinaombe. Kusaomba kwa inayo sikutanthauza kuti mulibe chipolopolo."

Khoti lonse linatembenuka kuyang'ana benchi imene tinakhala. Chifatse anali ataika manja pa mawondo. Anawachotsa pang'onopang'ono n'kuwalowetsa m'thumba. Ndinafuna kuimirira kuti ndimulalatire loya uja, koma mlamu anandikoka diresi, ndipo mpaka lero ndimadandaula kuti ndinamumvera.

A Nyundo anawachepetseradi chilango. Amayi analira ndi chimwemwe pa masitepe a khoti, anamugwira loya manja onse awiri. Palibe anaona kuti Chifatse wanyamuka yekha wapansi.

Mumsewu wathu nkhani inafika ife tisanafike. Anthu sanamve za mpata, sanamve za ambirimbiri amene sanaphepo nkhuku. Anamva za mfuti. Nsomba ikaola imodzi zonse zaola, ndiye apa ndi dokotala amene wanena, ndi chithunzi chomwe. Sanasiye kubwera kushopu nthawi imodzi, anthu si opusa choncho. Ankabwera n'kunena kuti, "Lero tsitsi lokha, ndevu ndikameta kunyumba." Ena ankati, "Ingodutsitsani makina, lumo likumanditulutsa tiziphuphu." Anyamata a pokwerera basi ankakuwa akamuona kuti, "Bwana, musaombe!" Iye ankawakwezera dzanja n'kumwetulira. Mphunzitsi wopuma uja anapitiriza kubwera, Mulungu amudalitse, koma sankagonanso. Ankakhala maso ali tong'o pagalasi, akulankhula za mpira mosalekeza, ndipo Chifatse anaona.

Ine za anthu sizinandidetse nkhawa. Anthu amaiwala, ndipo anaiwaladi, chifukwa patapita nthawi kunabwera nkhani ya m'busa ndi mkazi wa wogulitsa matayala. Chimene chinandiopsa ndi chakuti mwini wakeyo anakhulupirira. Tsiku lina atabweretsa matawulo sanachoke msanga. Anakhala pa ndowa yovundikira, akundiyang'ana ndikusita.

"Achemwali," anatero, "inu mukakwiya mumamva bwanji?"

"Ndimamva kukoma," ndinamuyankha. "Bwanji?"

"Ine sindidziwa. Sindinakwiyepo."

"Ndiye vuto lili pati? Anthu amapita kutchalitchi kukapempha zimenezo."

"Vuto ndi lomwelo. Inu mumatulutsa tsiku ndi tsiku. Achimwene ankatulutsa. Nanga zanga zimapita kuti? Zaka zonsezi zikupita kwinakwake."

Ndinaika simbi pansi n'kumuuza kuti asandibowe. Ndinamukumbutsa kuti m'banja mwathu amene anaswapo mbale pamutu pa mwamuna ndine, ndipo ndili ndi ana aamuna atatu amene ngati kachinthuko kalikodi mwina anatengera kwa ine, koma ndimagona tulo tofa nato. Anandimvetsera mpaka kumapeto monga amachitira. Kenako anati, "Dzulo ndikumeta aphunzitsi aja ndinaona mtsempha wa pakhosi ukugunda. Zaka zonsezi ndimauona, koma dzulo ndinaganiza kuti ndi pafupi bwanji."

"Aliyense wogwira lumo amaganiza zimenezo, chitsiru iwe. Ine ndikagwira simbi yamoto ndimadziwa kuti ikhoza kuwotcha munthu."

"Inu adokotala sanakutchuleni," anatero, n'kunyamuka.

Kushopu kwake anachotsa kabokosi ka mwana kaja pampando n'kukasandutsa kosungiramo zipeso. Anamuuza mkazi wake kuti adikire kaye. Mlamu anadikira, poganiza kuti ndi mantha a masiku ochepa. Chaka chitatha anapita yekha kukamufuna dokotala uja, anakhala pabenchi ya chipatala tsiku lonse mpaka anamuona. Dokotalayo anamva chisoni kwambiri. Anabwera yekha kushopu, anakhala pampando, n'kupempha kuti amumete ndevu ndi lumo. Ali ndi thovu kumaso anamufotokozera Chifatse kuti zimene ananena kukhoti zinali za magulu a anthu ambiri, kuti palibe makina amene angaone mawa la munthu mmodzi, ndipo kuti ofufuza enieniwo sagwirizana pa nkhaniyi. Anamuuzanso kuti mwana wamwamuna sangatengere kachinthuko kwa bambo ake. Chifatse anamumeta bwinobwino, anamupaka mafuta, anamuthokoza. Dokotala atapita, anamufunsa mkazi wake kuti, "Nanga akabadwa wamkazi? Adzapatsira ana ake ngati mmene amayi anatipatsira ife."

Mlamu anabwera kwa ine akulira, ndipo tinapita tonse kukamupanikiza Chifatse kunyumba. Tinamupeza akutsuka mbale. Mkazi wakeyo anaima pakhomo la khitchini n'kunena kuti, "Bambo, ine ndakhala nanu zaka zonsezi. Simunandikwezerepo ngakhale mawu. Ndikudziwani ine kuposa makina."

"Bambo athu nawonso amayi amati poyamba anali munthu wabwino," anayankha osatembenuka. "Anayamba ana atabadwa. Mwana amalira usiku wonse, amathyola zinthu, amakuyankha mwano. Iwe sunandiyesepo ngati mmene mwana angandiyesere. Ndikadzadziwa kuti ndine wotani, mwanayo adzakhala ali kale m'manja mwanga."

"Ndiye mukundilanga ine chifukwa cha mlandu umene simunapalamule?"

"Sindikukulanga. Ndikumuteteza."

"Mukuteteza ndani? Palibe munthu pamenepo!" anakuwa mlamu, ndipo anatola kapu yagalasi n'kuiponya kukhoma. Ndikuganiza kuti ankafuna kuti amukwiyitse, kuti amuone akukalipa kamodzi kokha n'kuona kuti dziko silinathe. Chifatse anatenga tsache n'kusesa magalasiwo, kenako anamuuza kuti asaponde pamenepo alibe nsapato.

Anakhalabe limodzi zaka zingapo. Mlamu anasiya kuseka mokweza, ndipo mumsewu munachita kuzizira. Timalaya tija anapatsa mwana wa mchemwali wake. Tsiku limene anachoka panalibe ndewu, ndipo ndi Chifatse yemwe ananyamula makina osokera kukakweza pagalimoto, atawakulunga ndi bulangete kuti asakandike. Mlamu anadutsira kushopu kwanga kudzatsanzika. Anati, "Alamu, ndikanakhala ndi mwamuna wondimenya bwenzi ndikudziwa chonena kwathu. Nanga uyu ndikanena kuti walakwa chiyani?" Anakwatiwanso kutali ndi mwamuna wokonza mafiriji, ndipo ndinamva kuti ali ndi ana awiri.

Amayi anamwalira akudziwa chimene anachita. Sindinawabisire, chifukwa ndinali ndi mkwiyo ndipo ndinkafuna wina woti ndimusenzetse. Ndinawauza kuti anagula zaka za mwana mmodzi pogulitsa moyo wa mnzake. Anandiyankha ali pabedi kuti, "Ndinkaona amene ali m'madzi, mwanawe. Amene anali pamtunda ndimayesa ali bwino." Walira mvula walira matope. Chifatse ndi amene ankawasambitsa ndi kuwadula zikhadabo mpaka tsiku lomaliza, ndipo sanawanenepo kanthu.

Anabwerera m'chipinda chimodzi, kuseri kwa shopu yake. Muli bedi, mpando, ketulo ndi wayilesi. Mowa samwa, mpira saonera pagulu chifukwa anthu amakangana, ndipo wina akayamba phokoso m'shopu iye amatuluka panja mpaka lithe. Ana anga aamuna anakula akumukonda, koma sanawanyamulepo, ndipo ndikamusiyira mmodzi kuti ndithamangire kumsika ankakhala naye pakhonde pamene anthu akuona. Anthu a mumsewu anaiwala kalekale za mfuti zija, makasitomala anabwerera, ena atsopano sadziwa n'komwe kuti ali ndi mkulu wake. Imvi zinayamba kumera. Matawulo ankabwerabe oyera.

A Nyundo anatuluka kundende zaka ziwiri zapitazo, atanenepa, ali ndi Baibulo m'khwapa ndi satifiketi ya ukalipentala. Sanachedwe kupeza mkazi, mayi wina wa kutchalitchi kwawo, ndipo chaka chisanathe kunabadwa mwana wamwamuna. Sindikunena kuti sanasinthe. Mowa anasiya, amapemphera, ndipo mwanayo amamunyamula paphewa mumsewu monse akumuimbira nyimbo. Kungoti ndikawaona mtima umandiwawa, ndipo sindidziwa kuti ndikwiyire ndani.

Mwezi wathawu a Nyundo anabwera kushopu ya Chifatse Loweruka masana. Ine ndinali momwemo, ndinabweretsa matawulo ochapa. Anakhala pampando, mpando n'kulira, n'kunena kuti, "Mphwanga, ndimete ndi lumo lija. Kundende ndinkalilota." Kenako anaona lamba pakhoma n'kuseka. "Ukadali nacho chimenechi? Iwe ndiye sutaya zinthu."

Chifatse anawafunditsa tawulo yotentha, anawapaka thovu, ananola lumo pa lamba. A Nyundo anali ndi nkhani zambiri. Anafunsa za mlamu uja, ati anamva kuti anachoka, koma sanamvetse chifukwa chake. Ine ndinawauza, chifukwa wina ankayenera kuwauza. Ndinanena zonse, za kabokosi, za timalaya, za dokotala amene anabwera kudzametedwa.

A Nyundo anadzutsa mutu, thovu lili mbuu. Anayang'ana Chifatse pagalasi ngati akuona munthu wamisala. "Iwe, zoona? Za adokotala zija?" Anaseka mpaka mimba kugwedezeka. "Zija zinali za kukhoti, mphwanga! Loya anandiuza kuti ndizingokhala chete ndi nkhope yachisoni. Ine ndinali nditaledzera, ndipo munthu uja ndinkamuda kuyambira kale. Ndinkadziwa chimene ndikuchita. Ubongo wanji? Ine sindinazikhulupirirepo ndi tsiku limodzi lomwe." Anapukusa mutu, anautsamiritsanso pampando, n'kutseka maso. "Pepa, koma wandiseketsa. Tiye, meta."

Chifatse anakweza chibwano chawo ndi zala ziwiri. Khosi lonse linali pamtunda, lonenepa, mtsempha ukugunda pansi pa thovu. Ndinaona lumo likutsika. Ine ndemwe, amene ndakhala zaka zonsezi ndikumutukwana kuti ndi chitsiru chokhulupirira bodza, ndinapezeka nditaponya phazi kutsogolo, dzanja nditatambasula. Iye anandiona pagalasi. Anayamba kumeta kuchokera pakholingo kukwera m'mwamba, pang'onopang'ono, akupukutira lumo pa tawulo ya paphewa, mpaka khosi lonse linasalala. A Nyundo anali atayamba kale mkonono.

Atadzuka anadzisisita chibwano, anayamikira, n'kunena kuti mwezi wamawa abweretsa mwana kuti adzamumete koyamba. Anatuluka akuimba mluzu.

Ndinatenga tawulo ija paphewa pake ndisanaganize n'komwe. Ndinaitambasula, ndinaitembenuza uku ndi uku pawindo. Munali thovu ndi tindevu ta imvi basi. Ndinamuonetsa.

"Taona," ndinatero. "Taona, iwe. Ngati panali tsiku loti uchite, linali lero. Munthu wakudyera moyo wako wonse, wakuseka, wakupatsa khosi. Palibe ngakhale kadontho. Ukufunanso umboni wanji?"

Anatsuka lumo pampopi, analipukuta, analipinda n'kuliika m'kabokosi ka mwana kaja pamodzi ndi zipeso.

"Umenewo ndi wa lero, achemwali," anatero. "Ndipo inunso munaponya phazi."

Anatenga tsache n'kuyamba kusesa tsitsi pansi. Ine ndinanyamula mtolo wa matawulo akuda n'kutsika nawo kushopu kwanga, ndipo ndinawanyika m'madzi ngakhale kuti sinali nthawi yake.